A Phiri ake ati? Dzina la pachikuto palokha silikwanira

Sabata yathayi abwera atatu pa kauntala panga, onse nkhani yake imodzimodzi. "Bwana, tikufuna buku la a Phiri lija la mbiri ya Malawi." A Phiri ake ati? Basi kuyang'anana. Ndagwira ntchito mu laibulale zaka zoposa 20, nthawi yambiri ndili kuseri uko kolowetsa mabuku mu katalogi, ndiye ndikati zimenezi zanditopetsa mundimvetse.

Pa mbiri ya dziko lino pokha pali malemu D.D. Phiri aja ankalemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata, palinso a Kings M. Phiri amene ankaphunzitsa ku Chancellor College n'kufufuza kwambiri mbiri ya Achewa. Ukapita ku shelefu ya zachipembedzo ukumananso ndi mayi Isabel Apawo Phiri. Koma mwana wa sukulu atenga mawu a uyu n'kuwapachika pa uyo, mu asainimenti angoti "Phiri akuti", lekichala akamudula mamalikisi akubwera kudzadandaula kwa ine ngati ndinamulembera ndine.

Ndipo musaganize kuti ndi vuto la ife a maina ofala okha ayi. Ku America kunali wolemba manovelo dzina lake Winston Churchill, wobadwa 1871, ndipo nthawi yake mabuku ake ankagulidwa koopsa. Mnzake wa ku Britain uja, amene anadzakhala nduna yaikulu, ataona kuti anthu ayamba kuwasokoneza anamulembera kalata mu 1899 kuti iye azisaina Winston Spencer Churchill. Mwaona? Anakonza okha akadali anyamata, onse ali moyo. Ngakhale zili choncho mpaka lero wina amatola novelo ya wa ku America uja n'kumati taonani mkulu wa nkhondo uja ankalembanso zachikondi.

Mbali inayo ndi ya munthu mmodzi maina awiri. Samuel Ntara amene analemba Nthondo mumupeza pena ali Ntara pena Nthara, ndi yemweyo. Weep Not, Child inatuluka mu 1964 pachikuto pali James Ngugi, amene pambuyo pake tonse tinamudziwa kuti Ngũgĩ wa Thiong'o. Mia Couto wa ku Mozambique ndi bambo, abale, dzina lake lenileni ndi António Emílio Leite Couto, ndatopa kuwerenga "mayiyu akuti". Ife mu katalogi timasankha dzina limodzi, n'kuikapo chaka chobadwa ndi chomwalira, maina ena onse timawamangirira pomwepo kuti ukafufuza lililonse likufikitse kwa mwini wake. Timanambala timene mumatinyalanyaza pafupi ndi dzina tija ntchito yake ndi imeneyo. Za ISBN sinditaya nazo nthawi, nambala ija ndi ya buku osati ya munthu, basi.

Koma imene imandisowetsa tulo ndi iyi. Zaka zingapo zapitazo kunabwera mayi wina atanyamula jumbo yodzaza ndi zodula za m'nyuzipepala, zina zitachita kufiira ndi kukalamba. Anati bambo ake anali mphunzitsi wa pulayimale, ankalemba nthano zifupizifupi ndi ndakatulo m'zaka za m'ma 1980 koma pa dzina lobisalira. Sindinadabwe. Nthawi imeneyo Censorship Board, nthambi ya boma yoletsa mabuku, inali ndi mano, wolemba ndakatulo Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende mpaka 1991, ndiye mphunzitsi wa kumudzi wolandira malipiro a boma akanaika bwanji dzina lake lenileni? Vuto ndi loti zinthu zitasintha mu 1994 mkuluyo sanauze aliyense polemba. Ankangoti ndidzazisonkhanitsa ndikapuma pa ntchito. Anapuma, anadwala, anapita.

Chomwe chinawabweretsa mayiwo n'choti anaona kabuku kakugulitsidwa pa dzina lomwelo lobisalira, mkati muli nthano ziwiri zimene iwo akulumbira kuti anaziona bambo awo akulemba pa tebulo ndi nyali ya koloboyi. "Achimwene, ndithandizeni, izi ndi za adadi." Ndinawafunsa, pali kalata ya mkonzi wa nyuzipepala yobwera pa dzina lawo lenileni? Palibe. Lisiti la malipiro? Palibe. Makope olemba pamanja? Anayatsira moto atasamuka nyumba ya sukulu. Mkonzi amene akanachitira umboni naye anamwalira kalekale. Ine ndinawakhulupirira mayiwo, mpaka pano ndimawakhulupirira, koma katalogi silandira zoti ndikukhulupirira, imafuna pepala. Mwinanso winayo anangosankha dzina lomwelo mwangozi n'kutolera nthano akuganiza kuti zilibe mwini, zimachitika. Anatuluka ndi jumbo yawo, ine n'kubwerera ku kompyuta osatha kugwira kanthu tsiku lonse.

Ndiye inu amene mukulemba pa Facebook ndi maina odzipatsa awa, palibe cholakwa, George Orwell naye anali Eric Blair. Koma lero lomwe lembani pepala loti dzina lakuti ndi ine wakuti, sainani, wina achitire umboni, mkazi wanu kapena mwana wanu adziwe pomwe lili. Mu kontilakiti ndi wosindikiza muikemo maina onse awiri, ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi nyimbo, chimodzimodzi. Musataye makope oyamba. Ngati dzina lanu lenileni ndi lofala onjezani la pakati ndipo musamasinthesinthe, buku ili John, linalo J.K., linalo Yohane, mukutipatsa ntchito yolosera ife. A ku yunivesite tengani ORCID, nambala yozindikiritsa wofufuza aliyense payekha, ndi yaulere, yakhalapo kuyambira 2012, sindikudziwa mukudikira chani.

Chenjerani nawonso anyamata a pa WhatsApp amene akuti tipatseni ndalama pang'ono tikuikireni buku pa Amazon. Ambiri amalilowetsa pa akaunti yawo, dzina lanu alilemba molakwika kapena alisakaniza ndi tsamba la munthu wina wa ku Zambia wa dzina ngati lanu, kandalama kakabwera kagwera kwa iwo, mukafuna kukonza foni yazima. Pano zafika poipa chifukwa ena akupangitsa mabuku ndi AI n'kumatapo dzina la wolemba wodziwika. Jane Friedman wa ku America zinamuonekera mu 2023, anapeza mabuku angapo pa Amazon ndi Goodreads ali pa dzina lake iye osalembako ngakhale mzere, ndipo makampaniwo anawachotsa iye atachita kubwebweta pagulu poti ali ndi omutsatira ambiri. Nanga iwe wa ku Ntcheu amene otsatira ako ndi 300, akakumvera ndani?

Mayi aja anabweranso chaka chatha. Akuti apeza envelopu imodzi ya ku nyuzipepala ija ili ndi dzina la bambo awo ndi adiresi ya sukulu, koma mkati mulibe kalata. Ndaijambula, ndaisunga mu fayilo.