Pemphero la mbandakucha ndi khitchini ya onse: mmene Asikh amapembedzera

Anthu ambiri masiku ano akamva za kusinkhasinkha amaganiza za munthu amene wadzitsekera m'chipinda, watsinzina, akumvetsera mawu odekha a pa foni kuti mtima ukhale m'malo ataweruka ku ntchito. Asikh nawonso amasinkhasinkha tsiku ndi tsiku, koma cholinga chawo n'chosiyana kwambiri ndi chimenechi, moti wofuna kumvetsa pemphero lawo ayenera kulowanso m'khitchini ya pamalo awo opembedzerapo, otchedwa gurdwara, kukaona amene akutsuka mbale.

Chipembedzochi chinayambira ku Punjab, dera limene linagawidwa pakati pa India ndi Pakistan mu 1947, ndipo anachiyambitsa ndi Guru Nanak, amene anabadwa mu 1469. M'masiku ake munali anthu opembedza amene ankasiya mabanja ndi minda n'kupita kumapiri kukafunafuna Mulungu, koma iye anaikana njira imeneyi. Atayenda maulendo ataliatali akuphunzitsa, anakhazikika ku Kartarpur, m'mbali mwa mtsinje wa Ravi, kumene iye ndi omutsatira ankalawirira kupemphera, masana n'kulima, kenaka n'kudyera limodzi. Asikh amati chiphunzitso chake chili pa zinthu zitatu zosalekanitsika: kukumbukira dzina la Mulungu, kudya thukuta lako mwachilungamo, ndi kugawana ndi anzako zimene wapeza.

Msikh wotsata mwambo amadzuka kudakali mdima, pafupifupi maola atatu dzuwa lisanatuluke, nthawi imene iwo amaitcha amrit vela. Amasamba, n'kukhala pansi, n'kuyamba kutchula mobwerezabwereza dzina la Mulungu lakuti Waheguru, ena motsitsa mawu, ena mumtima mokha, enanso molinganiza ndi kapumidwe kawo. Akatero amalakatula mapemphero a m'mawa, kuyambira ndi Japji Sahib imene analemba Guru Nanak, ndipo madzulo ndi pogona pali mapemphero enanso. Kukumbukira Mulungu kotereku kumatchedwa simran. Mtendere wa mumtima umabwera ndithu, koma si umene akuufunafuna. Chimene akulimbana nacho ndi kudzikonda, mtima wakuti ine ndine, umene malemba awo amati ndiwo umatsekereza munthu kuti asaone Mulungu amene ali mwa iye ndiponso mwa mnzake. Kuchokera mu kudzikondako mumatuluka mbava zisanu zimene zimam'bera munthu moyo wabwino, ndizo chilakolako, mkwiyo, umbombo, kukakamira za dziko ndi kunyada.

Mu gurdwara munthu amalowa atavula nsapato, atasamba m'manja ndiponso ataphimba mutu, kaya ndi mwamuna kapena mkazi. Kutsogolo kuli Guru Granth Sahib, buku lawo lopatulika la masamba 1,430, litaikidwa pamalo okwera, litafunditsidwa nsalu zokongola, munthu wina akulikupiza mwaulemu monga ankachitira ndi mafumu. Ulemu umenewu uli ndi chifukwa chake. Guru Gobind Singh, mphunzitsi wachikhumi, asanamwalire mu 1708 analamula kuti sipadzakhalanso munthu wina wolowa m'malo mwake, koma bukuli ndilo likhale mphunzitsi mpaka kalekale. Anthu amagwada n'kugunditsa chipumi pansi, kenaka onse amakhala pamkeka. Gawo lalikulu la bukuli linasanjidwa motsata mayimbidwe 31 a nyimbo za ku India, choncho mapemphero a gulu ndi nyimbo, zoimbidwa ndi timalimba ta harmonium ndi ng'oma ziwiri za tabla. M'bukuli mulinso ndakatulo za anthu oyera mtima a Chihindu ndi Chisilamu, monga Sheikh Farid, Kabir ndi Ravidas, ndipo mnzake wa Guru Nanak amene ankamuimbira zeze pa maulendo ake, Bhai Mardana, anali Msilamu. Pomaliza amatsegula bukuli paliponse n'kuwerenga ndime imene yapezeka ngati langizo la tsikulo, ndipo aliyense amatambasula manja onse awiri kulandira kachakudya kofunda, kotsekemera, kopangidwa ndi ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta a mkaka.

Apa ndi pamene khitchini imalowera. Gurdwara iliyonse ili ndi langar, malo amene aliyense, wa chipembedzo chilichonse, amadya kwaulere. Anthu amakhala pansi m'mizere yaitali, mbale zachitsulo zili patsogolo pawo, ndipo otumikira amadutsa ndi zidebe za mphodza, mpunga ndi madengu a chapati, wolandirayo akutambasulanso manja awiri. Nyama saphika kuti pasapezeke wolephera kudya. Kwa ife izi zingaoneke ngati kuchereza alendo chabe, koma ku India wa zaka za m'ma 1500, kumene munthu wobadwira m'gulu lapamwamba sankadya chophikidwa ndi wa gulu lonyozeka, mzere umenewu unali kutsutsa dongosolo lonse la dziko. Guru Amar Das, mphunzitsi wachitatu, anaika lamulo lakuti wofuna kumuona ayambe wadya pa mzerewo.

Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu ya chipembedzochi ili pamenepa. Munthu angathe kudzinamiza ali yekha mbandakucha kuti kudzikonda kwamuthera, koma akapatsidwa nsapato zafumbi za mlendo kuti apukute, zoona zake zimaonekera. Utumiki umenewu, umene amautcha seva, ndiwo muyeso wa pemphero. Ku Harmandir Sahib, gurdwara yopatulika kwambiri ya Asikh mumzinda wa Amritsar ku Punjab, kumene anthu zikwi makumi angapo amadya tsiku lililonse, madokotala ndi amalonda olemera amasenda anyezi pambali pa alimi. Ngakhale chilango cha wolakwira mpingo chimakhala utumiki womwewu. Mu December 2024, Akal Takht, bwalo lalikulu la Asikh, linalamula Sukhbir Singh Badal, amene anakhalapo wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Punjab, kuti atsuke mbale ndi kulondera pachipata.

Asikh atabalalika m'maiko ena anapita nawo mwambowu. Kuno kwathu ku Malawi anafika mu 1891 ngati asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ndipo ku Kenya anabwera ndi ntchito yomanga njanji ya Uganda. Gurdwara ya ku Makindu, pamsewu wa Nairobi ndi Mombasa, mpaka lero imadyetsa apaulendo. Kalembera wa 2021 anapeza Asikh oposa 500,000 ku England ndi Wales, ndi oposa 750,000 ku Canada. Mu 2021 momwemo, matenda a Covid-19 atafika poipa ku Delhi zipatala n'kudzaza, gurdwara zina zinayamba kupereka mpweya wa okosijeni kwaulere kwa odwala ofika pa galimoto, ndipo anautcha langar ya okosijeni. Woyendetsa lole ku Brampton ku Canada kapena namwino wa usiku ku Southall ku London sangathe nthawi zonse kusunga ola la mbandakucha, koma nyimbo za ku Amritsar amazimvera pa intaneti zikuimbidwa, ndipo langizo la tsiku limam'fikira pa foni. Vuto lokulirapo ndi la chilankhulo, chifukwa ana obadwira kunja ambiri satha kuwerenga zilembo za Gurmukhi, zimene buku lopatulikalo linalembedwamo.

Sikuti zonse zili bwino, ndipo Asikh eni ake amakangana poyera. Mu 1998 Akal Takht inaletsa matebulo ndi mipando mu langar, lamulo limene linagawanitsa mipingo ya ku British Columbia ku Canada, ena akuti okalamba ndi nyengo yozizira ziganiziridwe, ena akuti mpando umabwezeretsa kusiyana kumene mzere wapansi unabwera kudzathetsa. Ku Britain kuli gurdwara zodziwika ndi gulu limene mamembala ake anabadwiramo, chinthu chosemphana ndi chiphunzitso cha Guru Nanak. Malemba amalola mkazi kutsogolera mapemphero, komabe amayi saimba m'chipinda chopatulika cha Harmandir Sahib, ndipo mu 2019 nyumba ya malamulo ya Punjab inagwirizana zopempha akuluakulu a chipembedzo kuti awalole. Amene akumenyera kusinthaku sakubwereka mfundo kwina ayi, akungowakumbutsa atsogoleri awo mawu a Guru Nanak, amene anafunsa kuti munthu angamunyoze bwanji mkazi pamene mafumu omwe amabadwa mwa iye.