Ndani Amagamula Kuti Iyi Ndi Nyimbo?

Amene amakhala ku Mayfair kapena ku Fordsburg mumzinda wa Johannesburg amaadziwa bwino mawu a azana omveka m'bandakucha. Amakwera, amatsika, amakokedwa mokoma, moti katswiri atha kuwalemba papepala ngati nyimbo ina iliyonse. Koma funsani abale athu achisilamu ochokera ku Mangochi, akuuzani kuti woitanayo sakuimba ayi, akuitanira anthu ku swala. Ine monga mphunzitsi wa zoimbaimba ndili kumbali yawo, chifukwa khutu la mlendo silingagamule mlandu umenewu.

John Blacking, katswiri wofufuza za nyimbo yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Wits ku Johannesburg, anakhala pakati pa Avenda a ku South Africa kuyambira 1956 mpaka 1958. M'buku lake la 1973 ananena kuti nyimbo ndi kulira kulikonse kosanjidwa ndi anthu. Tanthauzoli linathandiza kwambiri, popeza linathetsa maganizo akuti nyimbo zenizeni ndi zolembedwa za ku Ulaya zokha. Vuto lake n'lakuti limakokera azana m'kati eni ake akukana, ndipo mukalitenga palokha limasiya thupi la munthu kunja. Blacking yemweyo anaona tshikona, gule wa Avenda amene mwamuna aliyense amaliza chitoliro cha liwu limodzi lokha uku akuvina mozungulira ng'oma. Mukamupatula mmodzi, mungomva kulira kumodzimodzi kobwerezabwereza.

Kwathu nkhaniyi imakula tikafika pa vimbuza. Usiku ku Rumphi, amayi ndi ana akhala mozungulira, akuomba m'manja n'kumavomera nyimbo. Wodwala wamanga mangenjeza m'miyendo. Omenya ng'oma maso ali pa iye, akusintha kamenyedwe mpaka atapeza kogwirizana ndi mzimu umene wamugwira. Iwowo akuchiza munthu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira vimbuza pamodzi ndi Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo silinalekanitse ng'oma ndi mwambo wake.

Makina ojambulira mawu ndiwo amalekanitsa. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri za ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1954 anatsegula malo ozisungira, International Library of African Music, ku Roodepoort. Mu 1978 malowa anasamukira ku yunivesite ya Rhodes. Ntchito yamtengo wapatali, ndimaithokoza. Komabe nyimbo ya pamtondo ikalowa m'sipika, mumamva musi ndi mawu okoma, koma simumuona mwamuna kapena mpongozi amene akudzudzulidwayo ali chapafupi, akumva zonse.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa anzathu akamaitanitsa Gule Wamkulu kuti asangalatse anthu pa Heritage Day, tsiku lokondwerera zikhalidwe ku South Africa pa 24 September, ngati kuti ndi bandi ya paukwati. Gule amatuluka pamaliro, pachinamwali, polonga mfumu ufumu, ndipo ali ndi eni ake kudambwe. Wofuna kumuika papulogalamu ayambe wafunsa akuluakulu a dambwe ngati n'zololeka, ndi zilombo ziti zimene zingaonekere pagulu lachilendo.