Chuma chamasiye cha Ngwazi: momwe Tembo ndi Chakuamba anang'ambira Kongeresi

Nthawi ya masankho achipulula ikakwana m'chipani cha Kongeresi, dzina la Kamuzu limadzuka m'manda. Wogonja amati chipani chasiya njira ya Ngwazi, wopambana naye amakumbutsa anzake nsanamira zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tinazionanso chisankho cha 2025 chisanachitike, pamene ena okhumudwa anaima paokha. Mkangano wofuna kudziwa mwini wake weniweni wa dzina la Kamuzu si wa lero. Unayamba mwini wakeyo akadali moyo.

Ambiri amauyambira pa imfa yake, pa 25 Novembala 1997. Ine ndimauyambira mu Okutobala 1993.

Miyezi inayi m'mbuyo mwake, pa 14 Juni, Amalawi anali atavotera ndale za zipani zambiri. Kenaka Kamuzu anadwala, napita ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu. Dziko linafunika woligwirizira. Aliyense ankayang'ana kwa John Tembo wa ku Dedza, malume ake a Mama Cecilia Kadzamira, munthu amene anayendetsa banki yaikulu ya dziko kwa zaka zoposa khumi ndipo ankadziwa khomo lililonse la ku Sanjika. Koma amene anakhala mlembi wamkulu wa chipani, natsogolera bungwe la anthu atatu logwirizira mpando wa pulezidenti, anali Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje. Tembo ndi Robson Chirwa anangokhala mamembala.

Taganizirani: Chakuamba yemweyu, amene kale ankalamulira a Payoniya, anamangidwa mu 1980 ndi boma la Kamuzu yemweyo, nagamulidwa kukhala kundende zaka 22 pa mlandu woukira boma. Anatuluka mu 1993 atapika zaka 13. Fungo la ndende lisanamuchoke, ndiye uyo ali pamwamba pa munthu amene sanachokepo pambali pa Ngwazi. Pa chisankho cha 17 Meyi 1994 anaimanso ngati wachiwiri wa Kamuzu.

Chifukwa chake chimafotokozedwa pawiri. Otsatira Chakuamba ankati nkhalamba inazindikira kulakwa kwake ndipo inamudzoza yokha. Otsatira Tembo ankati kunali kungowerengera mavoti: chipani chinkafuna munthu wa kummwera, wokhala ndi zipsera za ndende, woti aphimbe mbiri yoipa pamaso pa anthu. Kufotokoza kwachiwiriku kukumveka kolemerako, pakuti dzina la Tembo pa nthawiyo linali lovuta kugulitsa, ndipo mu 1995 iye ndi Kamuzu anazengedwa mlandu wa imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983, ngakhale khoti linawapeza osalakwa. Komabe onse ofotokozawa anali ndi mbali, ndipo Kamuzu sanali munthu wolongosolera anthu zifukwa zake. Chooneka n'chakuti anasiya ana awiri, wina atagwira mpando, wina atagwira mizu ya chipani m'chigawo chapakati.

Ukwati wotere sukanakhalitsa. Mu 1999 Chakuamba anachita mgwirizano ndi AFORD, natenga Chakufwa Chihana kukhala womutsatira, Tembo n'kumusiya panja. Anapeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse, Bakili Muluzi 52. Chaka chotsatira chipani chinachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre wina ku Lilongwe, uliwonse n'kusankha mtsogoleri wake. Zotsatira zake zinali milandu ya kukhoti yosatha, imene sindikutopetsani nayo.

Chimene sichiyenera kudumphidwa ndi tsiku la 4 Julaye 2002. Aphungu ankavotera bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira pulezidenti, kuti Muluzi aimenso. Tembo anaikira kumbuyo biluyo, Chakuamba anaikana. Inapeza mavoti 125 pamene inkafunika 128. Mavoti atatu okha! Apa pali chodabwitsa: munthu amene analawa ndende ya pulezidenti wamuyaya ndiye anakana kuti pabwere wina wamuyaya, pamene ena ankamunena kuti ndi mlendo m'nyumba ya Ngwazi.

Pa msonkhano wa 2003 Tembo anatenga utsogoleri wa chipani. Chakuamba sanachedwe, anatuluka n'kuyambitsa Republican Party, natsogolera gulu la zipani zotsutsa boma lotchedwa Mgwirizano pa chisankho cha 2004. Bingu wa Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, pamene Tembo ndi Chakuamba aliyense anapeza oposa 25. Kuphatikiza awiriwo, tambala wakuda akanalira ku nyumba ya boma zaka 16 asanalire mu 2020. Mlandu wa apa sungagwere Tembo yekha, chifukwa Chakuamba naye anali wosachedwa kupsa mtima ndi kusamuka, moti chisankho chitangotha anagwirizana ndi boma lomwe ankalitsutsa.

Ndipo pamene awiriwa ankalimbirana chuma chamasiye, wachitatu anadzachitola. Bingu, wa chipani china, ndiye anamangira Kamuzu chiliza ku Lilongwe mu 2006, nayambanso kutchedwa Ngwazi. Chakuamba anamwalira mu 2016, Tembo mu 2023, atasiyira Lazarus Chakwera chipani mu 2013, m'busa amene sanagwirepo ntchito m'boma la Kamuzu.