Baibulo la ndani? Chiyambi cha mkangano wa m'sukulu za boma ku America

Mukafunsa anthu ambiri opemphera ku America kuti zinthu zidayamba liti kusokonekera m'sukulu za boma, amatchula chaka cha 1963. Amati ndi pamene anthu osakhulupirira Mulungu adathamangira kukhoti n'kukatulutsa Baibulo m'kalasi. Chakacho n'choona, koma nkhaniyo amaiyambira kumchira. Pofika 1963 mkanganowu udali utatha zaka zoposa 100 ukufuka, ndipo amene adakhetsana magazi koyamba adali Akhristu okhaokha.

M'chaka cha 1791 dzikolo lidawonjezera m'malamulo ake aakulu mfundo yoletsa nyumba ya malamulo kukhazikitsa chipembedzo cha boma kapena kuletsa munthu kupembedza. Mawu aja otchuka onena za khoma lolekanitsa mpingo ndi boma mulibe m'malamulomo. Adawalemba Pulezidenti Thomas Jefferson mu 1802 poyankha kalata ya Abaptisti a ku Danbury, m'chigawo cha Connecticut. Abaptistiwo adali kagulu kochepa m'dera limene boma linkakondera mpingo wa Congregational, ndipo adali atatopa ndi kupemphera ngati alendo kwawo komwe. Khomalo adalilakalaka ndi iwo. Komanso nthawi imeneyo mfundo ya 1791 inkamanga boma lalikulu lokha. Chigawo chilichonse chinkachita zake, moti Massachusetts idakhalabe ndi mpingo wothandizidwa ndi boma mpaka 1833.

Sukulu za boma zitayamba kufala, atsogoleri a maphunziro monga Horace Mann adaganiza kuti apeza njira yokomera aliyense: mphunzitsi aziwerenga Baibulo m'mawa koma osalimasulira. Kwa Mpulotesitanti zimenezi zinkaoneka zopanda mbali. Koma buku lowerengedwalo lidali la King James la 1611, pamene Akatolika adali ndi lawo la Douay, ndipo mpingo wawo sunkavomereza zoti Malemba azingowerengedwa popanda chiphunzitso chake. Nthawi yomweyo Akatolika ochokera ku Ireland ankafika ambirimbiri m'mizinda ya kum'mawa, ambiri a iwo osauka, ndipo eni nthaka ankawayang'ana ndi diso lofiira.

Zidaphulikira ku Philadelphia. Mu 1842 Episkopi Francis Kenrick adalembera akuluakulu a sukulu kupempha kuti ana a Chikatolika aziloledwa kuwerenga Baibulo lawo, ndipo asamakakamizidwe kuchita nawo mapemphero a mpingo wina. Sadanene kuti Baibulo lichoke. Koma mphekesera ilibe mabuleki: m'misewu mudamveka kuti anthu a Papa akufuna kulanda ana Mawu a Mulungu. Pa 6 May 1844 gulu lodana ndi obwera lidakachititsa msonkhano ku Kensington, pakati penipeni pa makomo a anthu a ku Ireland. Mvula itagwa, anthu adathawira mumsika wapafupi, ndipo ndewu idayambira momwemo. Mfuti zidalira. Mnyamata wina wa gulu la msonkhanolo, George Shiffler, adawomberedwa n'kufa, ndipo anzake adamusandutsa ngwazi yofera Baibulo. Pa 8 May matchalitchi awiri a Katolika, St. Michael ndi St. Augustine, adatenthedwa. Episkopi adaimitsa Misa Lamulungu lotsatira poopa kuti anthu ake aphedwera m'tchalitchi. Mu July zidayambiranso ku Southwark, kumene asilikali ndi anthu wamba adawomberana mpaka ndi mizinga. Zipolowe ziwirizi zidapha anthu oposa 20.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Boston mu March 1859, mwina chifukwa chida chake chidali chikoti chabe. Pasukulu ya Eliot, mwana wa zaka 10, Thomas Whall, adauzidwa kuti alakatule Malamulo Khumi. Iye adakana, popeza bambo ake ndi wansembe adamulangiza kuti asanene a Chipulotesitanti. Kusiyana kwake kulipo ndithu: Apulotesitanti amawerenga lamulo loletsa fano losema ngati lachiwiri paokha, pamene katekisimu wa Katolika amaliphatikiza ku loyamba, ndipo masiku amenewo lamulo limeneli linkagwiritsidwa ntchito potonza Akatolika kuti amapembedza zifanizo. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu adamukwapula m'manja pafupifupi theka la ola mpaka zikhatho zidachucha magazi. Ana mazana adachotsedwa sukulu pokana zomwezo. Bambo a mwanayo atakasuma, khoti lidapeza mphunzitsiyo wosalakwa.

Akatolika ataona choncho adayamba kudzimangira sukulu zawo, ndipo mu 1884 maepiskopi atakumana ku Baltimore adalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu. Kholo la Chikatolika linkalipira kawiri, msonkho wa sukulu ya boma ndi fizi ya sukulu ya parishi. M'madera ena akuluakulu adasankha kungosiya kuwerenga Baibulo. Ku Cincinnati adatero mu 1869, ndipo khoti lalikulu la Ohio lidawavomereza. Ku Wisconsin mu 1890 makolo a Chikatolika a ku Edgerton adapambana mlandu wofanana nawo. Koma m'zigawo zambiri mwambo udapitirira.

Zidasintha pamene Khoti Lalikulu la dziko lonse lidagamula mu 1947 kuti mfundo ya 1791 ija ikumanganso zigawo. Mu 1962 khotilo lidathetsa kapemphero kakafupi kamene akuluakulu a maphunziro ku New York adalembera ana. Kenaka padabwera mlandu wa banja la Schempp. Lamulo la Pennsylvania linkati tsiku lililonse paziwerengedwa mavesi osachepera 10, ndipo kusukulu ya Abington ankatsatizapo Atate Wathu Wakumwamba. Mu 1956 Ellery Schempp, wa zaka 16, wa mpingo wa Unitarian, adabwera ndi Korani n'kumawerenga chamumtima nthawi ya mavesiyo. Adamutumiza kwa hedimasitala. Mlanduwo utafika pamwamba udaphatikizidwa ndi wa Madalyn Murray wa ku Baltimore, mayi wosakhulupirira Mulungu komanso wosaopa kamera, ndipo n'chifukwa chake anthu amakumbukira iyeyo n'kuiwala banja lopita kutchalitchi lija.

Chigamulo cha 1963 chidadutsa ndi oweruza 8 kwa mmodzi. Ambiri amene amachitukwana sadachiwerenge. Woweruza Tom Clark adalemba momveka kuti Baibulo n'loyenera kuphunziridwa ngati mbiri ndi zolembalemba, ndipo maphunziro a munthu sakwanira ngati sadziwa za zipembedzo. Chimene chidaletsedwa ndi boma kutsogolera mapemphero. Mwana akhoza kunyamula Baibulo lake, kupempherera chakudya chake, ngakhale kuyambitsa kagulu ka mapemphero ndi anzake kusekondale. Kunena zoona, malire a kuphunzitsa za Baibulo ndi kulalikira Baibulo ngosavuta papepala kuposa m'kalasi, makamaka mphunzitsi akakhala mkulu wa mpingo. Apa otsutsa chigamulocho ndi ochiteteza onse ali ndi pogwira.

Mu 1980 khoti lidakananso lamulo la Kentucky lopachika Malamulo Khumi m'makalasi. Koma oweruza amasintha, ndipo mu 2022 khoti lomwelo lidaikira kumbuyo mphunzitsi wa mpira wa ku Bremerton amene ankagwada n'kupemphera pabwalo masewero akatha. Andale ena adaona kuti chitseko chatseguka. Mu June 2024 Louisiana idakhazikitsa lamulo loti Malamulo Khumi apachikidwe m'kalasi iliyonse ya boma, ndipo mwezi womwewo mkulu wa maphunziro ku Oklahoma, Ryan Walters, adalamula kuti Baibulo liziphunzitsidwa. Ofesi yake itaitanitsa mabuku oti igule, idatchula mtundu wake: King James. Ku Louisiana mabanja 9 adakasuma, ena Ayuda, ena osapembedza, ena abusa a mipingo, mmodzi wa iwo wa Presbyterian. Mu November chaka chomwecho woweruza John deGravelles adaimitsa lamulolo, ndipo boma la chigawocho lidachita apilo.