Pabalaza pakachita mdima, musathamangire penti

Mayi wina amene amachita lendi kafulati ku Naperi anandiitana mwezi wa Julayi kuti ndikaone pabalaza pawo. Ndisanakhale n'komwe pansi anali atanena kale chimene ankafuna: "Achimwene, mundipakire penti woyera, muno mdima wandikwana." Nthawi inali 11 koloko m'mawa, panja dzuwa lili phwee, koma m'nyumbamo magetsi anali oyaka. Ndinawapempha kuti za penti tikambe bwino, ayambe andilola ndifike pa zenera. Panali makatani ophatikiza, a lesi ndi ena ochindikala a mtundu wa khofi, ndipo ngakhale atatsegulidwa ankaphimbabe mbali zonse ziwiri za galasi. Kumunsi kwa zeneralo kunatsamira msana wa mpando wa sofa. Magalasi anali ndi fumbi lokhalitsa. Titatsitsa makatani, kukankha mpandowo ndi kupukuta magalasi, mayi aja ananyamuka okha n'kukazimitsa magetsi.

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba, ndipo zimene ndinaona ku Naperi ndimazipezanso ku Nkolokosa, ku Kanjedza, ku Chitawira, m'nyumba zakale za Malawi Housing Corporation ngakhalenso m'mafulati atsopano amene amera ngati bowa mumzinda muno wa Blantyre. Zipinda zake n'zazing'onodi, sindikutsutsa. Koma mdima wambiri timachita kuugula tokha m'sitolo n'kuulowetsa m'nyumba.

Choyamba dziwani kumene zenera lanu layang'ana. Blantyre ili pa madigiri pafupifupi 16 kumwera kwa mzere wa equator, choncho dzuwa limadutsa paliwombo pathu kawiri pa chaka, kuchiyambi kwa Novembala ndi kuchiyambi kwa Febuluwale. Kuyambira Febuluwale mpaka Novembala, masana dzuwa limakhala chakumpoto kwathu, ndipo mu Juni limapendekera kumeneko kwambiri. Ngati kumpoto ndi kumwera kumakusokonezani, mukaima pa Chichiri phiri la Ndirande lili chakumpoto, la Soche chakumwera. Amene zenera lake layang'ana kumpoto ali ndi mwayi: nthawi yozizira dzuwa limalowa mpaka pakati pa chipinda, pomwe mu Okutobala limakhala litakwera ndipo denga limalitchinga. Zenera lakumwera limalandira kuwala kofewa tsiku lonse koma dzuwa lenileni sililowa kwa miyezi yambiri, ndiye pamenepo pamafunika kansalu kopepuka kwambiri. Lovuta ndi lakumadzulo. M'chilimwe, kuyambira cha m'ma 2 koloko, limasandutsa pabalaza uvuni, ndipo ndi pokhapo pamene ndimavomera makatani ochindikala, otseka masana n'kutsegula dzuwa likapepa.

Makatani ambiri amalakwika pa kapachikidwe. Chitsulo chopachikapo timachidula molingana ndi zenera ndendende, ndiye nsalu ikakokeredwa kumbali ilibe kopita, imangounjikana pa galasi. Chitsulocho chipitirire masentimita 20 kapena 25 mbali iliyonse kuti nsalu izikaima pa khoma, ndipo chikwere pafupi ndi siling'i kuti maso aziona ngati chipinda n'chachitali. Nsalu yake ikhale ya thonje, yopyapyala, yoyera kapena ya mtundu wa mkaka. Simukufunika kupita kusitolo yodula. Mashiti a pabedi a pa kaunjika ku Limbe, telala akawapinda bwino, amagwira ntchito imeneyi popanda wodziwa. Anthu amandifunsa za odutsa panja, kuti kodi saziona m'nyumba? Masana nsalu yopyapyala imakubisani, chifukwa kunja n'kowala kuposa m'kati. Usiku zimatembenuka, ndiye ngati zenera layang'ana kunjira ikani nsalu yachiwiri yotseka kukada kokha.

Nkhani imene timakanganapo kwambiri ndi eni nyumba ndi ya mipando, ndipo ndimayamba ndi tepi yoyezera kuti tisakangane ndi pakamwa. Pabalaza pa fulati yaing'ono nthawi zambiri pamakhala mamita 3 kwa 4, kutanthauza masikweya mita 12. Mpando wa anthu atatu umatalika mamita awiri, m'mimba mwake masentimita 90. Onjezani wa anthu awiri ndi wa munthu mmodzi, malo apita kale masikweya mita 4. Ikanipo tebulo lapakati ndi kabati ya magalasi ija timati displeyi, mwatsala pang'ono kudya theka la chipinda, ndipo chotsalacho ndi tinjira toyenda chammbali. Mipandoyo ikakhalanso yakuda kapena ya khofi, yokhala pansi penipeni popanda miyendo, imamwa kuwala kumene zenera lalowetsa.

Ndikudziwa chifukwa chake timagula seti yathunthu. Tinakula tikuona kuti nyumba ya munthu wogwira ntchito imadziwika ndi masofa, ndipo timaopa tsiku limene apongozi kapena anthu a kumpingo adzafike n'kusowa pokhala. Komatu akuluakulu anati mlendo ndi mame. Amabwera kangapo pa chaka, inu mumakhalamo tsiku ndi tsiku. Tsiku la mapemphero kapena la chinkhoswe mipando ya pulasitiki imabwerekeka kwa oyandikana nawo, ndipo sindinamvepo mlendo akudandaula kuti wakhala pa pulasitiki nsima ili patsogolo pake. Kwa banja la anthu anayi, mpando umodzi wautali ndi mipando iwiri yopepuka zakwana. Mipando yoluka ija imagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndi yabwino zedi pa ntchito imeneyi, chifukwa kuwala ndi mphepo zimadutsa m'maso mwake, ndipo mwana akhoza kuinyamula. Ngati mukupangitsa sofa kwa akalipentala ku Ndirande, auzeni muyezo wa khoma lanu, manja a mpando akhale opyapyala, ndipo aikeko miyendo ya masentimita 15. Maso akamaona pansi popitirira kunsi kwa mpando, chipinda chimaoneka chotakasuka kuposa mmene chilili, ndipo tsache limalowa.

Za displeyi ndimalankhula mosamala, chifukwa kawirikawiri inali mphatso ya paukwati ndipo mbale zili m'menemo zili ndi mayina a amene anapereka. Sindiuza munthu kuti aitaye. Ndimangopempha kuti isaime pafupi ndi zenera kapena moyang'anizana ndi chitseko cholowera, ndipo pamwamba pake patsike makatoni ndi maluwa a pulasitiki. Chimodzimodzi makoma: makalendala atatu a zaka zosiyana, zithunzi za ukwati, satifiketi, wotchi, vesi la m'Baibulo, chilichonse pa msomali wake khoma lililonse. Zisonkhanitseni pa khoma limodzi, ena atatuwo apume.

Pansi pa simenti yofiira ya polishi, imene ili m'nyumba zambiri zakale, pamamwa kuwala kwambiri. Poti nyumba ndi ya eni, simungaswe. Yalani mkeka wa mlaza woyererako pakati. Umaposa kapeti yochindikala, imene m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala imangokhala nkhokwe ya fumbi.

Chipinda chikhoza kuwala koma n'kumamvekabe cholemera ngati mpweya suyenda. Yang'anani kumtunda kwa makoma: nyumba zambiri zili ndi timabowo ta mpweya, ndipo kawirikawiri ndimatipeza titatsekedwa ndi nyuzipepala. Munthu anatseka chiperoni chitavuta mu Juni wa chaka china, n'kuiwala. Tsegulani, ndipo ngati mukuopa udzudzu ikanipo kawaya ka sefa. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira, choncho zenera limodzi lotsegula silikwanira ngati chitseko cha kukhonde kapena kukhitchini chili chotseka. Mipando isagunde khoma, siyani mpata wa dzanja limodzi, apo ayi kuseriko kumamera nkhungu. Tinaziona kwambiri mvula ya namondwe Freddy itatha mu Malichi 2023, makoma ambiri mumzinda muno atamwa madzi. Khoma lachinyezi musalipake penti, amatumphuka matuza n'kusupuka. Pezani kumene madzi akulowera, tsukani nkhunguyo ndi Jik wosungunula m'madzi mazenera ali otsegula, lisiyeni liume ndithu. Ndipo mbaula ya makala isalowe pabalaza ngakhale kuzizire bwanji. Kudetsa siling'i ndi nkhani yaing'ono. Mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo.

Tsopano penti, amene aliyense amafuna kuyambira. Khoma loyera limabweza pafupifupi magawo 80 pa 100 a kuwala kumene kwaligwera, pomwe mitundu yakuda imamwa kochuluka n'kubweza kochepa, ndiye phindu lake n'loonadi. Koma yambani mwagwirizana ndi alandilodi, makamaka polemba, kuti potuluka pasadzakhale milandu. Ambiri savuta akamva kuti mtundu wake ndi woyera. Siling'i ikhale yoyera mbee, chimodzimodzi timakoma ta m'mphepete mwa zenera, chifukwa kuwala kumayamba kugunda pamenepo. Makoma ndimakonda oyera opita ku mkaka pang'ono. Fumbi lathu lofiira silichedwa kuonekera pa khoma loyera kwambiri, ndipo tsiku la chiperoni khoma lotere limaoneka lozizira ngati la kuchipatala. Chizolowezi chodula khoma pakati, kumunsi penti wa gulosi wakuda kumtunda woyera monga m'makalasi a pulaimale, chimafupikitsa chipinda. Ngati mukuopa manja a ana, gulani penti wotsukika wa mtundu umodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba. Gulosi pa khoma lonse ayi, amaulula paliponse pamene pulasitala inapindika. Laimu ndi wotchipa ndipo khoma limapuma, kungoti amatsalira pa malaya a wotsamira.

Muyezo wake n'ngosavuta. Chipinda cha mamita 3 kwa 4, mukachotsa chitseko ndi zenera, chili ndi makoma okwana masikweya mita 30 kapena kupitirira pang'ono. Lita imodzi ya penti wa madzi uja timati PVA imapaka masikweya mita 8 mpaka 10 ulendo umodzi pa khoma losalala. Kupaka kawiri, makoma okha afuna malita 7 kapena 8, siling'i enanso atatu. Chitini cha malita 5 sichikwana, ndowa ya malita 20 itsalako yambiri. Wopenta akakuuzani kuti mugule ndowa ziwiri za chipinda chimodzi, mufunseni kuti inayo ikupita kuti. Ndipo musanagule zambiri, pakani kachigamba pa khoma, mukaone m'mawa, masana ndi usiku.

Kalilole amathandiza, koma sapanga kuwala, amangobweza kumene kwamufika. Pa khoma lamdima kuseri kwa chitseko alibe ntchito. Muikeni poti aone zenera.

Usiku, babu limodzi lolendewera pakati pa siling'i limasiya ngodya zonse zili bii. Onani pa bokosi la babu: la LED la mawati 9 limawala ngati lakale lija la mawati 60, ndipo nambala yothera ndi K ikunena mtundu wa kuwala. La 6500K ndi loyera mopita kubuluu, labwino kukhitchini. Pabalaza 3000K imakhazika mtima pansi. Onjezani nyale imodzi pa ngodya, yolozetsa kukhoma. Magetsi akathima, nyale yotchaja musailoze kumaso kwa anthu. Iyang'anitseni kumwamba, siling'i yoyera ija igawira chipinda chonse.

Ku Naperi kuja penti tinadzapaka patatha milungu itatu, alandilodi atavomera kuchotsako theka la mtengo wake pa lendi. Mpando wa munthu mmodzi unapita kwa mchimwene wawo ku Machinjiri. Displeyi inakana kuchoka, poti inachokera kwa apongozi, ndiye tinangoisunthira ku khoma la kukhitchini. Makatani a khofi aja mayi anawachapa n'kuwapinda m'sutikesi, akuti adzawapachikanso Juni akadzafika, usiku wokha.