Mpando wa ongomaliza kumene maphunziro: mkanganowu unayambira kutali

Mkanjo uja anali asanaubweze n'komwe pamene mkangano unabuka. Mwana wa mlongo wanga, amene wamaliza digiri chaka chino pa koleji ina muno mu Harare, anafika kwathu ku Mufakose Lamlungu titangoweruka ku tchalitchi, foni ikungolira m'manja ngati nkhululu. Pa gulu lawo la WhatsApp, iye ndi anzake amene analembera limodzi mayeso anapangana zolemba kalata yopempha kuti m'khonsolo yoyendetsa sukulu yawo muzikhala munthu mmodzi wongomaliza kumene. Mpaka apo onse anali kumodzi. Panavuta ndi pa dzina. Anthu atatu akulimbirana mpando umene mmisiri sanaukhome n'komwe, ndipo mmodzi mwa atatuwo ndi iyeyo.

"Amalume, inu zakalezi mumazisunga. Kodi tikupemphazi n'zachilendo?"

Ndinamuuza kuti ayambe wadya, chifukwa yankho lake ndi lalitali ndipo likuyambira ku Mount Pleasant, dera la mu Harare kumene kuli University of Zimbabwe, kumene agogo ake, bambo anga, ankadulira kapinga pa nyumba ya mzungu wina atachoka kwawo ku Ntcheu.

Sukulu imene lero timaitcha University of Zimbabwe, mayi wa mayunivesite onse a dziko lino, poyamba inali ndi dzina lathu. Inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Mwala wa maziko anauika mu 1953 ndi amayi a Mfumukazi Elizabeth, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Chikalata chachifumu choikhazikitsa chinabwera mu 1955, ndipo mu 1957 ophunzira 68 anayamba maphunziro, mkulu wa sukulu ali Walter Adams. Malo anapereka ndi khonsolo ya mzinda wa Salisbury (Harare wa lero), ndalama zomangira zambiri zinachokera ku boma la Britain, ndipo madigiri anali a University of London. Bambo ankasimba kuti ankaona makoma akukwera tsiku ndi tsiku, ndipo anamva kuti sukuluyo ndi ya anthu a mitundu yonse. Ankaseka akamanena zimenezi. Ophunzira achikuda anali owerengeka, ankagona kosiyana ndi azungu, ndipo dera lonselo mwalamulo linali la azungu. Munthu wa ku Nyasaland ankalowa pa geti ndi khasu kapena tsache kawirikawiri kusiyana ndi buku.

Pamodzi ndi madigiri a ku London panabweranso kayendetsedwe ka Chingerezi, kamene tikukhala nako mpaka lero, kuno ngakhalenso ku Zomba. Sukulu yotere imaima pa mafuwa atatu. Pali khonsolo, imene imagwira chuma, kulemba ntchito akuluakulu ndi kuvomereza fizi. Pali seneti, ya aphunzitsi, yoona za maphunziro ndi mayeso. Fuwa lachitatu ndi limene ambiri salidziwa ngakhale ali mamembala ake: Convocation, msonkhano wa onse amene analandira digiri pa sukulupo. Ku London msonkhano umenewu unakhazikitsidwa mu 1858, ndipo unakhalapo mpaka 2003 pamene anauthetsa. Cholinga chake chinali choti munthu amene anadutsa pa sukulu asakhale ngati mlendo woti wadya, wapukuta pakamwa, wapita.

Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo dzina la Nyasaland linachotsedwa pa chikwangwani patapita nthawi pang'ono. Kwathu ku Malawi anakhazikitsa University of Malawi mu 1964. Kuno Ian Smith analengeza ufulu wake wa azungu okhaokha pa 11 November 1965, ndipo chaka chotsatira boma lake linamanga ndi kupitikitsa aphunzitsi angapo a pa kolejipo. Mu 1971 sukulu inaduka mchombo ku London n'kukhala University of Rhodesia. Zaka zonsezo mawu a ophunzira achikuda ankamveka pabwalo, pa zionetsero, apolisi ndi agalu awo ali potero. M'chipinda cha khonsolo ankangokambidwa.

Ufulu utabwera mu 1980 dzina linasintha, ndipo mu 1982 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano lolowa m'malo mwa chikalata chachifumu chija. Mtsogoleri wa dziko anakhala Chancellor. Mtsogoleri wa bungwe la ophunzira anakhala ndi mpando m'khonsolo, ndipo omaliza maphunziro khomo lawo linali Convocation.

Apa m'pamene ndinauza mwanayu kuti aike foni pansi, chifukwa vuto lake lagona pakati pa mipando iwiriyi. Mtsogoleri wa ophunzira ndi mwana wa sukulu: ali ndi mayeso kutsogolo, angathe kuimitsidwa, ndipo akangovala mkanjo mpando watha. Convocation nayo ndi ya aliyense, kuyambira amene anamaliza mu 1975 mpaka wa dzulo. Pa msonkhano wotere amanyamuka ndani kukalankhula? Majaji, madokotala, eni makampani, anthu a imvi amene ali ndi galimoto yopitira ku msonkhano ndi nthawi yokhala mpaka madzulo. Mtsikana amene akuzungulira m'tauni ndi envulopu ya makalata ofunsira ntchito, ndalama ya kombi atachita kubwereka, sangapambane chisankho pamaso pa anthu amenewo. Komatu iyeyo ndi amene akudziwa kuti pampopi wa ku hositelo madzi anasiya liti kutuluka, ndiponso kuti satifiketi yake yatenga miyezi ingati isanatuluke pamene olemba ntchito akuifuna. Wa 1975 amakumbukira sukulu ya nthawi imene boma linkapatsa ophunzira ndalama ya m'thumba.

Mpando umene ana awa akuufuna ulipo kwina, ndipo n'kumene anautengera maganizo pa intaneti. Ku America, pa Princeton University, kuyambira 1969 chaka chilichonse amasankha mmodzi mwa amene akumaliza kuti alowe m'bodi ya sukulu kwa zaka zinayi, ndi voti yofanana ndi ya akuluakulu. Choncho nthawi iliyonse m'bodimo mumakhala achinyamata anayi. Ovota ndi ophunzira a zaka ziwiri zomaliza pamodzi ndi amene anamaliza m'zaka ziwiri zapitazo. Chimene chinamudabwitsa mwana wa mlongo wanga n'choti kumeneko opikisana saloledwa kuchita kampeni yolonjeza kuti ndikalowa ndidzachita chakuti. Maganizo ake ndi oti wolowa m'bodi akuyang'anira sukulu yonse, sakupita kukamenyera a chaka chake okha. Anakwinya nkhope. "Ndiye tikumusankhiranji, amalume?" Funsoli ngakhale ophunzira a kumeneko amalifunsa.

Koma Princeton si ya boma, ilibe nduna pamwamba pake. Ife kuno tili ndi 1990.

Amene tinali mu Harare masiku amenewo tikukumbukira utsi wokhetsa misozi ukufika mpaka m'misewu ya ku Mount Pleasant. Mu 1988 ophunzira anachita zionetsero zodana ndi katangale, chaka chomwe inaphulika nkhani ya Willowgate, ya nduna zogula magalimoto motchipa n'kumagulitsa pa mtengo wokwera. Mu October 1989 apolisi analowa pa sukulu, mtsogoleri wa ophunzira Arthur Mutambara anavulala n'kumangidwa, yunivesite inatsekedwa, ndipo Morgan Tsvangirai wa bungwe la ogwira ntchito la ZCTU anamangidwanso chifukwa choikira anawo kumbuyo. Boma linayankha ndi cholembera. Mu 1990 linasintha lamulo la yunivesite: nduna inapatsidwa mphamvu zosankha anthu ochuluka m'khonsolo, ndipo mkulu wa sukulu anawonjezeredwa mphamvu zolanga ophunzira ndi aphunzitsi. Aphunzitsi ndi ophunzira anakana, koma lamulo linadutsa. Walter Kamba, munthu wachikuda woyamba kukhala Vice-Chancellor, ndiye kuti mkulu wa sukulu, analengeza pa mwambo wopereka madigiri mu 1991, Robert Mugabe ali pompo, kuti akutula pansi udindo chifukwa zala zambiri zosadziwa ntchito zinkalowerera pa kayendetsedwe ka sukulu. Anachoka mu 1992.

Onani bwino chimene chinachitika. Mpando wa ophunzira sanauchotse. Anangobweretsa mipando ina yambiri n'kuizunguliza, ndipo amene anali ndi mawu anapezeka kuti akuyankhula yekha pakati pa khamu. Ine ndinagwira ukalaliki zaka zambiri, ndikulemba maminitsi a misonkhano ya anthu ena, ndipo ndinaona kuti nkhani zikuluzikulu zimathera m'makomiti ang'onoang'ono, la zachuma makamaka. Pofika pa msonkhano waukulu nsima imakhala yapsa kale, kwatsala n'kuomola. Wachinyamata amene sanaikidwe mu komiti iliyonse amangopatsidwa mpukutu wa mapepala m'mawa wa tsikulo, tiyi ndi mabisiketi, kenaka dzina lake limalembedwa pa mndandanda wa amene anavomereza.

Sindikunena kuti asaupemphe. Ife a banja lino sitinganyoze mpando, ngakhale waung'ono. Amayi ake a mtsikanayu anabadwira ku Mbare, sanaponde ku Ntcheu mpaka atakula, koma lamulo la unzika litasintha mu 2001 anapezeka ali m'gulu la otchedwa alendo, chitupa chili ndi chilembo cha A, ndipo pa chisankho ankangoonerera anzawo ali pa mzere. Zinatengera malamulo oyendetsera dziko a 2013 kuti obadwira muno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC azindikiridwe kuti ndi nzika. Amene anaimapo kunja kwa chipinda amadziwa kuti kungomva zimene zikukambidwa m'katimo ndi phindu kale. Ndipo akuluakulu a m'khonsolo akadakhala omva, akadakumbukira kuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Chimene ndinamuletsa ndi kuthamangira dzina. Kalata yawo, imene anandiwerengera pa foni, inali ndi ndime zitatu zodandaula ndi mzere umodzi wopempha mpando. Simunalembedwe kuti munthuyo adzakhala zaka zingati, adzavota kapena adzangomvera, adzamusankha ndani, ndiponso ngati dzina lake lidzafunika kuvomerezedwa ndi mkulu wa sukulu kapena nduna. Simunalembedwe za amene apita ku Johannesburg kapena ku Britain, amene mwina ndi ochuluka ndithu pa gulu lawolo, ngati adzavota ali komweko. Sanafufuze n'komwe ngati khonsolo ili ndi mphamvu yowonjezera mpando payokha. Pa mayunivesite a boma mipando imalembedwa m'lamulo lokhazikitsa sukuluyo, ndiye kalata yoyenera imapita ku unduna ndi kwa aphungu. Pa sukulu za mipingo ndi za anthu wamba m'pofunika kuwerenga chikalata chimene anaikhazikitsira.

Anakhala chete, akukanda pansi pa mbale ndi supuni. Kenaka anafunsa ngati Convocation ya pa sukulu yawo inakumanapo chimalizireni iye. Ndinati akafunse ku ofesi ya Registrar, ndipo akapemphenso kope la malamulo ake, chifukwa iye tsopano ndi membala ngakhale palibe anamuuza. Analemba zimenezo pa gulu lija. Mmodzi wa opikisana naye anayankha nthawi yomweyo kuti iye apita Lachiwiri, winayo anangotumiza chithunzi chake chovala mkanjo chokhala ndi mawu opempha mavoti.

Dzuwa litapendeka ndinamuperekeza pokwerera kombi. Anabwereka madola awiri, akuti adzabweza akalowa m'khonsolo.