Fungo Loipa Lochokera Kumbuyo kwa Galu: Gwero Lake ndi Mmene Chakudya Chingathandizire

Anthu ambiri oweta agalu amalidziwa fungo lina lake lofanana ndi la nsomba yovunda, limene limatsalira pamalo pamene galu wagona, pa nsalu kapena pa zovala za munthu amene wamunyamula. Kawirikawiri mwini galu amaganiza kuti chiweto chake chagubuduzika pa chinthu chowola, choncho amachisambitsa ndi sopo, koma pakangopita masiku ochepa fungo lija limabwereranso. Chifukwa chake n'chakuti gwero la fungoli silili pa ubweya. Lili m'timatumba tiwiri tating'ono timene galu aliyense, wamwamuna ngakhale wamkazi, amabadwa nato pafupi ndi potulukira chimbudzi.

Timatumbati ndi ntchito yake

Mukayerekeza kuti potulukira chimbudzi pa galu ndi nkhope ya wotchi, timatumbati tili pamene pali manambala 4 ndi 8, kena kumanzere kena kumanja, ndipo tinabisika pansi pa khungu pakati pa minofu iwiri imene imatseka ndi kutsegula malowo. Kukula kwake kumayambira pa nsawawa mpaka kufika pa mphesa, malinga ndi msinkhu wa galu. M'kati mwake mumapangika madzi amafutamafuta, nthawi zina achikasu, nthawi zina ofiirira kapena otuwa, ndipo kathumba kalikonse kali ndi kanjira kopapatiza kamene madziwo amatulukira. Madzi amenewa ali ngati chizindikiro cha galu aliyense payekha. N'chifukwa chake agalu akakumana amayamba ndi kununkhizana kumbuyo, komanso amanunkhiza chimbudzi cha anzawo.

Galu wathanzi safuna thandizo la munthu pa nkhaniyi. Pamene akuchita chimbudzi cholimba bwino, chimbudzicho chimapanikiza timatumbati podutsa, minofu nayo imafinya, ndipo timadontho tochepa ta madzi aja timatuluka limodzi nacho. Galu akachita mantha mwadzidzidzi amathanso kutulutsa madziwa nthawi imodzi. Fungo lotere limakhala lamphamvu, koma likachitika kamodzi basi si matenda.

Vuto limayamba pamene timatumbati sitikhuthuka mokwanira. Madzi aja amaunjikana, amalimba ngati phala louma, kanjira kaja kamatsekeka, ndipo kathumbako kamafufuma. Tizilombo toyambitsa matenda tikalowamo, mumayamba kutupa ndi mafinya, ndipo mapeto ake ndi chithupsa chopweteka kwambiri chimene chimatha kuphulika n'kusiya kabowo kotuluka magazi ndi mafinya pambali pa potulukira chimbudzi. Agalu ang'onoang'ono monga a mtundu wa Chihuahua, Cocker Spaniel, Cavalier King Charles Spaniel ndi poodle wamng'ono ndi amene amavutika kawirikawiri, koma galu wa mtundu uliwonse angathe kukhudzidwa, makamaka wonenepa kwambiri, wotsekula m'mimba pafupipafupi, kapena amene ali ndi vuto la kuyabwa kwa khungu.

Zizindikiro

Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi kudzikhwekhwereza. Galu amakhala pansi, amatukula miyendo yakumbuyo, kenaka amadzikoka ndi miyendo yakutsogolo matako ali pansi. Ana amaseka akaona zimenezi, komatu galuyo amakhala akuvutika ndi kuyabwa kapena ululu. Wina amangotembenuka mwadzidzidzi n'kuyamba kunyambita kapena kuluma pansi pa mchira, wina amazengereza kukhala pansi, ndipo wina amalira kapena kudzikakamiza pochita chimbudzi. Galu wofatsa angathe kuwopseza kuluma munthu amene wamugwira mchira.

Komabe si galu aliyense wodzikhwekhwereza amene ali ndi vuto la timatumbati. Njoka zam'mimba, makamaka zimene tizidutswa take timaoneka ngati timbewu ta mpunga pa chimbudzi kapena pa ubweya wa kumbuyo, zimayambitsanso kuyabwa kotere, chimodzimodzi nthata ndiponso chimbudzi chouma chokakamira pa ubweya wautali. Choncho musanasinthe chakudya, kwezani mchira modekha pamalo owala ndipo muone bwino.

Mmene chakudya chimathandizira

Palibe chakudya chimene chimalowa m'timatumbati n'kukachotsa fungo. Chakudya chimathandiza kudzera m'chimbudzi, ndipo cholinga chake ndi chimodzi: galu azichita chimbudzi choumbika bwino, chachikulu mokwanira, choti chizipanikiza timatumbati tsiku ndi tsiku. Njira yosavuta yodziwira ndi kuyang'ana pamene mukuchichotsa. Chimbudzi chabwino chimanyamulika chonse osaphwanyika, ndipo sichisiya zambiri zopakika pansi. Chikamamatirira pa udzu kapena kukhala ngati phala, dziwani kuti sichingafinye kanthu. Chikakhalanso timibulu touma ngati timiyala, ndiye kuti galuyo wadzimbidwa, ndipo limeneli ndi vuto linanso. Kuyang'ana chimbudzi cha galu si ntchito yosangalatsa, koma palibe chinthu china chimene chingakuuzeni zoona mwachangu kuposa chimenechi.

Chofunika kwambiri pano ndi faiba, mbali ya zomera imene m'mimba simugaya. Faiba ilipo ya mitundu iwiri. Ina imasungunuka m'madzi n'kukhala yonanda, ndipo imamwa madzi ochuluka m'matumbo kotero kuti chimbudzi chamadzimadzi chimagwirana. Ina sisungunuka, imangowonjezera kukula kwa chimbudzi ndi kuthandiza matumbo kuchikankha. Galu wa vutoli amapindula ndi mitundu yonse iwiri. Dzungu lophika lopanda shuga, mchere kapena zokometsera ndi poyambira pabwino chifukwa agalu ambiri amalikonda ndipo silivuta m'mimba. Mbatata yophika, karoti ndi zitheba zophika zimathandizanso. Poyamba perekani pang'ono, monga supuni ya tiyi imodzi patsiku kwa galu wamng'ono kapena supuni yaikulu imodzi kwa galu wamkulu, mosakaniza ndi chakudya chake cha nthawi zonse. Tiyenera kunena poyera kuti dzungu lili ndi madzi ambiri, motero faiba ya m'supuni imodzi ndi yochepa. Galu amene sakusintha angafunike chinthu champhamvu monga makoko a njere za chomera chotchedwa psyllium, kapena chakudya cha agalu chopangidwa mwapadera kuti chikhale ndi faiba wochuluka. Muyeso wa psyllium uikidwe ndi dokotala wa ziweto, chifukwa makokowa amafufuma kwambiri ndipo akaperekedwa popanda madzi okwanira angathe kutseka m'mimba.

Kusintha kulikonse kuchitike pang'onopang'ono, kwa masiku 7 mpaka 10, mukuwonjezera chakudya chatsopano ndi kuchepetsa chakale. Amene amasintha zonse tsiku limodzi amayambitsa kutsekula m'mimba kumene akufuna kuthetsa, ndipo faiba akachuluka mopitirira muyeso galu amatupa mimba, amatulutsa mpweya woipa, ndipo amachita chimbudzi kangapo patsiku. Madzi oyera akumwa asamasowe pamene galu amakhala. Zotsatira za kusintha chakudyaku sizioneka usiku umodzi. Chimbudzi chimatha kusintha m'masiku ochepa, koma kuti mudziwe ngati fungo ndi kudzikhwekhwereza zachepa, pamafunika milungu ingapo.

Zimene mumachotsa m'mbale ya galu ndi zofunika mofanana ndi zimene mumaikamo. Zotsala za patebulo zamafuta ambiri, khungu la nyama yokazinga ndi mkaka zimafewetsa chimbudzi cha agalu ambiri. Anthu ena amalangiza kupatsa galu mafupa kuti chimbudzi chilimbe. N'zoona kuti chimalimba, koma mafupa ophika amasweka n'kukhala tizidutswa takuthwa timene tingathe kubaya matumbo, ndipo mafupa ochuluka amadzimbitsa. Anyezi, adyo, mphesa, zoumba za mphesa ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu, choncho ndiwo zophikidwa ndi anyezi zisaperekedwe ngakhale muli masamba abwino.

Kunenepa kumawonjezera vutoli chifukwa mafuta ozungulira timatumbati amachititsa kuti chimbudzi chisatipanikize bwino, ndiponso minofu ya galu wosayenda imafooka. Yendetsani dzanja m'mbali mwa chifuwa chake: nthiti zizimveka mosavuta popanda kukanikiza, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka. Tizakudya tomusangalatsa nato tisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene amadya patsiku. Kuyenda naye tsiku lililonse kumathandiza kuchepetsa thupi komanso kuti matumbo azigwira ntchito mu nthawi yake.

Pali agalu ena amene vuto lawo limabwerera ngakhale chimbudzi chili bwino, ndipo mukawayang'anitsitsa mumapeza kuti amanyambitanso mapazi, amakanda makutu, ndipo khungu la pamimba ndi lofiira. Kwa agalu otere, thupi lingakhale likudana ndi chakudya china, kawirikawiri nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku kapena tirigu. Njira yodalirika yodziwira ndi kumudyetsa chakudya cha mtundu umodzi wokha, chimene sanadyepo kapena chimene dokotala wasankha, kwa milungu 8 mpaka 12, popanda kumupatsa chinthu china chilichonse ngakhale kachidutswa. Ntchitoyi imafuna kuti onse a m'nyumba agwirizane, chifukwa munthu mmodzi womuponyera kanyama mwachifundo amawononga kuyesa konse. Mafuta a nsomba okhala ndi omega-3 amaperekedwanso pofuna kuchepetsa kutupa kwa khungu, koma akachuluka nawonso amafewetsa chimbudzi.

Za kufinya timatumbati

Timatumba totsekeka kale sitingatseguke ndi chakudya. Timafunika kufinyidwa ndi dokotala wa ziweto kapena munthu wophunzitsidwa, amene amavala magolovesi, amalowetsa chala chopakidwa mafuta oterera, n'kukhuthula kathumba kalikonse pakokha uku akumva ngati muli chotupa. Kufinya mwamphamvu popanda luso kumavulaza ndipo kungaphulitse kathumba kotupa. Galu amene alibe chizindikiro chilichonse asamafinyidwe mwa chizolowezi nthawi iliyonse akasambitsidwa, chifukwa kutero kungathe kuyambitsa kutupa pamalo amene analibe vuto. Madziwa akakugwerani m'manja kapena pa nsalu, sambani ndi kuchapa ndi sopo mwamsanga.

Nthawi yothamangira kwa dokotala wa ziweto

Musadikire kuti chakudya chigwire ntchito ngati mwaona kutupa kofiira kapena kotentha pambali pa potulukira chimbudzi, magazi, mafinya, bala lotseguka, kapena ngati galu wasiya kudya ndipo akulira pochita chimbudzi. Dokotala amatsuka m'kati mwa kathumbako, amapereka mankhwala opha tizilombo ndi ochepetsa ululu, ndipo nthawi zina amamuveka galu chotchinga m'khosi kuti asanyambite balalo. Musamupatse mankhwala a anthu monga ibuprofen kapena paracetamol, chifukwa angawononge m'mimba, impso kapena chiwindi chake. Vuto likamabwerera mobwerezabwereza, timatumbati tingathe kuchotsedwa pa opaleshoni, ngakhale kuti njirayi imasiyidwa kumapeto popeza agalu ena amavutika kusunga chimbudzi pambuyo pake.

Agalu okalamba amafuna chidwi chapadera. M'timatumbati mumatha kuyamba khansa imene poyamba sipweteka ndipo sioneka kunja, koma nthawi zina imakweza kashiamu m'magazi kotero kuti galu amayamba kumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi. Chimbudzi chake chimathanso kutuluka chophwatalala chifukwa chopanikizidwa ndi chotupacho. Ngati galu wanu wakalamba, pemphani dokotala kuti aziyeza timatumbati ndi chala nthawi iliyonse mukapita naye kukapimidwa, ngakhale palibe fungo lililonse.